Kalata Yotseguka kwa Mlembi wa Unduna wa Maphunziro: Aphunzitsi Aziyesa Zothandizira Pophunzitsa Nkhani Zolembedwa

Kwa Mlembi wa Unduna wa Maphunziro,
Capital Hill,
Lilongwe.

Olemekezeka a Mlembi,

Phunziro la nkhani zolembedwa m'sukulu za sekondale m'Malawi muno limayenda ndi mabuku a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi mabuku amene Unduna umasankha n'kuwaika pa silabasi, omwe bungwe la MANEB limafunsapo mayeso. Mtundu wachiwiri ndi zothandizira zimene zimabadwa pambali pa mabukuwo: manotsi a mphunzitsi, mapamfuleti, timabuku tofotokoza nkhani mwachidule, mafunso akale okhala ndi mayankho ake, ndiponso masamba ofotokoza Chingerezi chovuta m'chiyankhulo cha wophunzira. Mabuku a pa silabasi amadutsa m'manja mwa akatswiri asanalowe m'kalasi. Zothandizira zambiri zimangofika zokha, zina kuchokera kwa ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu ku Limbe kapena ku Mzuzu, zina pa WhatsApp, ndipo ndi zimene wophunzira amawerenga usiku mayeso akayandikira. Kalata ino ikunena za mtundu wachiwiriwu. Pempho lake n'lakuti Unduna ukhazikitse njira yoti aphunzitsi amene ali m'kalasi tsiku ndi tsiku aziyesa zothandizirazi ndi kuziweruza, ndipo chigamulo chawo chizimveka kulikulu.

Chimene chinachulukitsa zothandizirazi n'chodziwika. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana olembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Patapita zaka zochepa khamu lomwelo linayamba kufuna malo ku sekondale, ndipo mu 1998 boma linasandutsa malo ophunzirirako a ma DEC kukhala sukulu zoyendera za CDSS. Sukuluzi zinatsegulira ana ambiri khomo, koma mabuku sanachuluke molingana ndi ana. M'kalasi ya Fomu 3 ya sukulu yotere si zachilendo kuona buku limodzi likuwerengedwa ndi ana a benchi lonse, wina ataligwira, anzake akusuzumira m'mbali, wa kumapeto akungomvera. Belu likalira mabuku amatoleredwa n'kubwerera mu kabati ya ofesi, chifukwa limodzi likatayika palibe polipeza lina. Piriyodi ya mphindi 40 sikwana kuwerenga chaputala n'kuchikambirana. Choncho mphunzitsi amalemba chidule pa bolodi, ana amakopera, ndipo chidulecho ndicho chimapita nawo kunyumba. Wamalonda akabwera ndi pamfuleti yotchipa yolonjeza buku lonse m'masamba owerengeka, makolo amagula mosazengereza.

Chifukwa china ndi kutalika kwa nkhani zina ndi moyo wa wophunzira. Pa nthawi zosiyanasiyana ophunzira a MSCE akhala akuwerenga Macbeth ndi Romeo and Juliet a William Shakespeare, The Pearl la John Steinbeck, nkhani zazifupi za m'buku la Looking for a Rain God, ndiponso Smouldering Charcoal la Tiyambe Zeleza. Macbeth ndi sewero lolembedwa cha m'ma 1606, lonena za mafumu a ku Scotland, m'Chingerezi chimene ngakhale ana a ku England amachiwerenga ndi mawu ofotokozera m'munsi mwa tsamba. Mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa, amene Chingerezi amachimva m'kalasi mokha, sangaliloweremo popanda womutsogolera. Ndiye kusintha zophunzitsira kuti zigwirizane ndi kuno si kulakwa, ndi ntchito yeniyeni ya uphunzitsi. Funso n'lakuti kusinthako kwachitika bwino kapena ayi, ndipo ndani angadziwe.

Buku la The Pearl likuonetsa mmene kusintha kwabwino kumaonekera. Nkhaniyi, yomwe inatuluka mu 1947, imachitikira ku La Paz m'dziko la Mexico. Kino ndi mmphawi wopeza chakudya posambira pansi pa nyanja kufunafuna ngale. Mwana wake Coyotito atalumidwa ndi chinkhanira, dokotala akukana kumuthandiza chifukwa bambo alibe ndalama. Kino atapeza ngale yaikulu, akupita nayo kwa ogula m'tauni, koma ogulawo, ngakhale akhala m'maofesi osiyana, onse ali pansi pa bwana mmodzi ndipo agwirizana kale zomupatsa mtengo wotsika. Ana ambiri a kuno sanaonepo ngale. Koma mwana wa mlimi amadziwa bwino za mavenda amene amafika ndi masikelo nthawi yokolola, onse n'kutchula mtengo umodzi, ndipo mwana wa msodzi wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi waonapo bambo ake akugulitsa usipa motaya chifukwa ogula apangana. Chothandizira chabwino chimafunsa ana kuti afotokoze zimene anaona pa sikelo, kenako n'kuwabwezera pa tsamba limene Kino akukana mtengo, kuti apeze okha mawu oonetsa kuti ogulawo ndi amodzi. Choipa chimangolemba kuti mfundo yaikulu ndi umbombo ndi kudyera masuku pamutu, ana n'kuloweza osatsegula buku.

Macbeth akuonetsa mbali ina, yoti kusintha kumodzi sikungakwanire dziko lonse. Chimodzi mwa zimene zikuutsa mtima wa Macbeth koyambirira kwa sewero ndi chakuti Mfumu Duncan, yemwe ndi mbale wake, akulengeza kuti mwana wake Malcolm ndiye adzalowe ufumu. Kwa mwana wa ku Mzimba, kumene ufumu wa Angoni umachoka kwa bambo kupita kwa mwana, zimenezi n'zomveka ndipo palibe chodabwitsa. Kwa mwana wa ku Ntchisi kapena ku Dowa, kumene pa mwambo wa Achewa ufumu umatsata mbumba, wolowa n'kukhala mphwake wa mfumu kapena mwana wa mlongo wake, nkhaniyi imamveka mwina. Iye angaone ngati Duncan ndiye wapotoza mwambo ndipo Macbeth walandidwa chake. Maganizo amenewa si opusa, ndipo mphunzitsi waluso angayambirepo kukambirana kokoma. Koma wolemba pamfuleti amene anakulira mbali imodzi sangadziwe kuti tsamba lake likumveka chonchi ku mbali inayo. Wodziwa ndi mphunzitsi amene anaimirira kutsogolo kwa anawo n'kumva funso likuchokera kumbuyo kwa kalasi.

Mabuku olembedwa ndi Amalawi nawonso amafuna chithandizo, ndipo apa m'pamene ambiri amanyalanyaza. Nthondo, buku la Samuel Josia Nthara, linatuluka mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Nthara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo analemba Chichewa cha kumudzi cha nthawi imeneyo, chodzaza ndi miyambo ya ubadwa, ukwati, maliro ndi milandu ya pabwalo. Wophunzira wa lero wokulira ku Ndirande kapena ku Area 25 amapezamo zambiri zimene sanazionepo. Wa ku Karonga, amene kwawo amayankhula Kyangonde, kapena wa ku Nkhata Bay woyankhula Chitonga, amalimbana ndi chiyankhulo ndi mwambo nthawi imodzi. Ndi mmenenso zilili ndi Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, ngakhalenso ndakatulo za Benedicto Wokomaatani Malunga, zimene Chichewa chake n'chozama. Kuganiza kuti buku la Chichewa silifuna kufotokozera chifukwa ndi la kwathu kwapweteketsa ana ambiri pa mayeso.

Smouldering Charcoal, lomwe linatuluka mu 1992, lili ndi vuto la mtundu wina. Limafotokoza za Mchere, wogwira ntchito kophikira buledi, ndi Chola, mtolankhani, amene akukumana m'mavuto a sitiraka ndi ndende pansi pa ulamuliro wa chipani chimodzi. Ana amene ali ku sekondale lero anabadwa patapita zaka zambiri chichitikire referendamu ya pa 14 June 1993. Sanaonepo munthu akubwezedwa pa msika chifukwa chosowa khadi la chipani. Sadziwa kuti lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika ndi kuletsa mabuku, kapena kuti mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Popanda mbiri imeneyi, mantha amene ali m'bukuli amaoneka ngati nthano chabe. Chothandizira choyenera chimapereka mbiriyi mwachidule ndi moona, ndipo chingatume ana kukafunsa agogo awo zimene anaona. Koma mbiri ya ndale ndi yosavuta kuipotoza, ndipo tsamba lolakwika likagawidwa m'sukulu zambiri, ana amakula ndi bodza. Pamenepa kuunika n'kofunika kwambiri.

Zolakwika za zothandizira zosayesedwa aphunzitsi amazidziwa bwino. Olemba ena amakoperana, moti cholakwa cha mmodzi, monga kusokoneza mayina a ampangankhani kapena kusintha dongosolo la zochitika, chimapezeka m'mapamfuleti angapo ndipo ana amachikhulupirira chifukwa achiona kawiri. Ena amalemba mayankho athunthu oti ana aloweze, ndipo wochonga amapeza kalasi yonse yayankha ndi ziganizo zofanana, ngakhale funso linafuna china. Mapamfuleti ambiri a Chichewa satsata malamulo a kalembedwe, mwana n'kuphunziramo zimene mphunzitsi wa malamulo a chiyankhulo akulimbana nazo m'piriyodi yotsatira. Alipo amene amajambula masamba athunthu a mabuku a eni popanda chilolezo, zimene lamulo la umwini wa zolemba la 2016 limaletsa, ndipo wolemba weniweni sapezapo kanthu. Choopsa kuposa zonse n'chakuti mwana atha kumaliza Fomu 4, n'kukhoza ndithu, asanawerengepo buku ngakhale limodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Cholinga cha phunziroli chimakhala chafera pomwepo.

N'zoona kuti njira younikira mabuku ilipo. Bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi limakonza masilabasi ndi kuunika mabuku amene osindikiza amapereka, ndipo aphunzitsi ena amaitanidwa ku magulu ounikawo. Ntchito imeneyi ndi yofunika ndipo kalata ino siikuipeputsa. Koma kuunika kwa pa tebulo kumaona zimene zingaoneke pa tebulo: ngati mitu ya silabasi yonse ilimo, ngati chiyankhulo chili cholondola, ngati buku lasokedwa molimba. Sikungaone kuti ntchito yolembedwa kuti ichitike m'magulu a ana asanu singatheke m'chipinda chimene ana adzaza mpaka pakhomo, kapena kuti chitsanzo chimene wolemba anachiyesa chapafupi chikuwasokoneza ana a m'mbali mwa nyanja. Komanso zambiri zimene ana akuwerenga sizifikako n'komwe ku Domasi.

Njira imene ikupemphedwa siifuna nyumba yatsopano kapena bungwe latsopano. Dziko lino lili kale ndi zigawo zisanu ndi chimodzi za maphunziro, ndipo m'chigawo chilichonse sukulu zoyandikana zili m'magulu a ma cluster amene amakumana ndi kulembetsa mayeso oyeserera pamodzi. Aphunzitsi a masamu ndi sayansi akhala akusulidwa kudzera mu pulogalamu ya SMASSE, imene inayamba mu 2004 ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo zinaonetsa kuti aphunzitsi a sukulu zosiyana atha kukhala pamodzi n'kukonza kaphunzitsidwe kawo. Aphunzitsi a Chichewa ndi Chingerezi angachitenso chimodzimodzi. Chothandizira chilichonse chofuna chivomerezo cha Unduna chiperekedwe ku ma cluster angapo m'zigawo zosiyana, aphunzitsi aphunzitse nacho teremu yathunthu, kenako akumane n'kulemba lipoti limodzi. Teremu yathunthu ingaoneke yaitali kwa wosindikiza amene akufuna kugulitsa msanga, koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zofooka za buku lophunzitsira sizionekera sabata yoyamba.

Sukulu zoyesera zikhale za mitundu yonse, koma zochuluka zikhale za CDSS, chifukwa kumeneko ndiko kuli ana ambiri ndi mabuku ochepa. Chothandizira chimene chayenda bwino pa sukulu yogonera yokhala ndi laibulale ndi magetsi sichinayesedwe kwenikweni. Makalasi a masana ndi madzulo a ma Open School nawo asaiwalidwe, pakuti ophunzira ake, ena a iwo akuluakulu obwereza mayeso, ndiwo amadalira kwambiri mapamfuleti.

Muyeso waukulu ukhale umodzi: kodi chothandizirachi chikumubwezera mwana ku buku lenileni, kapena chikulowa m'malo mwake? Mphunzitsi angayese zimenezi mosavuta. Atsegule tsamba limene sanaliphunzitsepo, apatse ana ndime imodzi, awafunse kuti akuyankhula ndani, akuyankhula ndi yani, ndipo mawu ati akuonetsa zimene zili mumtima mwake. Ana amene chothandizira chawaphunzitsa kuwerenga amafufuza m'ndimemo. Amene chawaphunzitsa kuloweza amayang'ana kudenga kufuna kukumbukira mndandanda wa mfundo zazikulu. Mafunso ena amatsatira pamenepo: ngati zofotokozazo zikugwirizana ndi zimene zili m'buku, ngati zitsanzo za kuno zikuunikira nkhani kapena zikuipotoza, ngati ntchito zake zingatheke ndi choko ndi bolodi basi, ngati zikulemekeza miyambo ndi zipembedzo za ana onse, ndiponso mmene zikuonetsera atsikana ndi amayi. Ana nawo afunsidwe, chifukwa amadziwa tsamba limene linawathandiza ndi limene analidumpha. Pa ana osaona, akatswiri a ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu anene ngati chothandizira chingalembedwe mu braille popanda kutaya tanthauzo, makamaka chikadalira zithunzi ndi matebulo.

Pali ngozi imodzi imene Unduna uyenera kuitseka poyambirira. Olemba mapamfuleti ambiri ndi aphunzitsi omwewo, ndipo ena amagulitsa kwa ana a m'kalasi mwawo. Kulemba si mlandu, ndipo zothandizira zabwino kwambiri zimachokera kwa anthu amene aphunzitsa bukulo zaka zambiri. Koma munthu asaweruze chimene analemba yekha kapena cha mnzake wa pa sukulu imodzi. Dzina la wolemba ndi la wosindikiza zichotsedwe pa makope oyesera. Ndalama ya mayendedwe ndi chakudya cha aphunzitsi oyesa ichokere ku Unduna, isachokere kwa wosindikiza, chifukwa wolandira alawansi kwa mwini buku sangalinene zoipa. Lipoti likatuluka, wolemba apatsidwe kuti akonze zolakwika, ndipo mndandanda wa zovomerezeka utumizidwe ku sukulu iliyonse ndi kulengezedwa pa wailesi kuti makolo adziwe choyenera kugula. Aphunzitsi ambiri anadzazapo mafomu a kafukufuku osamvanso kumene anathera, ndipo sadzaikapo mtima ngati malipoti awo akangounjikidwa mu ofesi ya chigawo.

Mabungwe ena ali ndi gawo lawo. Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, ingaone kalembedwe ka zothandizira za Chichewa. Bungwe loona za umwini wa zolemba la COSOMA lingathandize kuti zotengedwa m'mabuku a eni zikhale ndi chilolezo. Makoleji a Domasi ndi Nalikule, pamodzi ndi University of Malawi ndi Mzuzu University, aphunzitse ophunzira uphunzitsi luso lounika buku, kuti mphunzitsi watsopano asamalandire pepala lililonse losindikizidwa ngati choonadi. Zomasulira zonse zisaikidwenso m'gulu limodzi. Malunga anamasulira Things Fall Apart la Chinua Achebe m'Chichewa n'kulitcha Chipasupasu, ndipo ntchito yotere, yomasulira buku lathunthu mosamala, ndi yosiyana kutali ndi chidule cha masamba ochepa. Aphunzitsi ayese ngati kuwerenga chomasulira chabwino pambali pa buku la Chingerezi kumathandiza mwana kulimba mtima n'kulowa m'Chingerezimo, ndipo Unduna umve zimene apeza usanalamule.

MANEB ndiyo ili ndi chingwe chachikulu. Wophunzira sangalandire satifiketi ya MSCE popanda kukhoza Chingerezi, choncho chilichonse chimene mayeso amafuna ndicho msika umapanga. Mafunso akamabwerezabwereza mfundo zazikulu ndi makhalidwe a ampangankhani m'njira yoti woloweza akhoze, mapamfuleti oloweza adzapitirira kugulidwa ngakhale Unduna utawaletsa. Mafunso akamapereka ndime n'kufuna kuti mwana afotokoze zimene akuona m'menemo, olemba zothandizira adzasintha okha. N'chifukwa chake malipoti a aphunzitsi oyesa ayenera kufika kwa okonza mayeso, ndipo malipoti a akulu ochonga afike ku ma cluster nthawi yabwino. Zimene mpikisano wa zisudzo wa ATEM wakhala ukuonetsa kwa zaka zambiri, kuti ana amamvetsa sewero akaliseweradi, zilowenso m'zothandizira: chabwino chiziuza mphunzitsi chigawo chimene ana angachite kutsogolo kwa kalasi popanda zovala zapadera.

Kuyesa zothandizira sikuchotsa udindo wogula mabuku enieni. Chothandizira chabwino chotumiza mwana ku tsamba limene alibe sichingamupindulire. Unduna ukamasintha mabuku a pa silabasi, makope afike m'sukulu chaka chisanayambe, chifukwa m'miyezi imene aphunzitsi amadikira ndi m'mene mapamfuleti osayesedwa amalowerera n'kukhazikika.

Olemekezeka a Mlembi, pempho la kalata ino lingayambe pang'ono. Unduna usankhe cluster imodzi m'chigawo chilichonse cha zisanu ndi chimodzi zija, utolere zothandizira zimene ana akugwiritsa kale ntchito pa buku limodzi la Chichewa ndi limodzi la Chingerezi, upatse aphunzitsi teremu imodzi kuti aziyese, ndipo zotsatira zake zilengezedwe poyera. Kalata yolamula zimenezi ituluke ku Capital Hill chaka cha maphunziro chikubwerachi chisanayambe.

Mwaulemu,
Mphunzitsi wa Chichewa ndi Chingerezi